Matanthauzo a Liwu la Chingerezi Lakuti "Flag" ndi Malire a Liwu Lathu Lakuti "Mbendera": Phunziro Lochokera pa Mphambano ya Njanji ya Nkaya

1.0 Mawu Oyamba

Aliyense amene adagwirapo ntchito yomasulira nkhani kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chicheŵa amadziŵa kuti timawu tatifupi tozoloŵereka ndi timene timagwetsa womasulira kaŵirikaŵiri. Liwu lalitali la sayansi limamtumiza munthu ku mtanthauziramawu, pamene liwu lalifupi limamnyenga kuti adutse osafunsa, poganiza kuti akulidziŵa kale. Limodzi mwa mawu otere ndi "flag". Mwana wa sukulu ya pulayimale akafunsidwa tanthauzo lake amayankha msanga kuti "mbendera", ndipo mphunzitsi amamchonga. Yankholi nloona, koma likukhudza mbali imodzi yokha ya liwu limene lili ndi mbali zambiri.

Cholinga cha pepala lino chili patatu. Poyamba tilongosola matanthauzo a "flag" monga mmene eni ake a Chingerezi amaligwiritsira ntchito. Kachiŵiri tiona kumene liwu lakuti "mbendera" lidachokera, mmene lidakhazikikira m'Chicheŵa, ndi pamene tanthauzo lake limalekezera. Potsiriza tipereka maganizo athu kwa omasulira, olemba mabuku otanthauzira mawu, ndi onse amene ali ndi udindo wokonza chilankhulo. Ziganizo zimene tapereka ngati zitsanzo tazipanga tokha potsata kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku.

2.0 Chifukwa Chake Tasankha Nkaya

Nkaya ndi siteshoni ya sitima imene ili m'boma la Balaka. Kufikira mu 1998, pamene Balaka adakhala boma paokha, dera limeneli linali mbali ya boma la Machinga. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima, imene idatha kumangidwa mu 1935, imadutsa pamenepa. Mu 1970 padatsegulidwa njanji ina ya makilomita 101 yochokera pa Nkaya, yowoloka Shire pa Liwonde, kukafika ku Nayuchi m'malire a Malaŵi ndi Mozambique, kumene imalumikizana ndi njanji ya ku doko la Nacala. Pambuyo pake kampani ya ku Brazil ya Vale idamanga njanji yachitatu, ya makilomita oposa 130 m'dziko muno, yodzera m'maboma a Chikwawa, Mwanza ndi Neno, kuti malasha a ku Moatize m'chigawo cha Tete azidutsa pa Nkaya popita ku nyanja. Njira yonseyo, kuchokera ku Moatize kukafika ku Nacala-a-Velha, ndi ya makilomita 912, ndipo idatsegulidwa mwalamulo mu 2017.

Kwa wophunzira za zilankhulo, Nkaya ndi mphambano ya mawu monganso ili mphambano ya njanji. Malamulo a kayendetsedwe ka sitima m'Malaŵi adadza m'Chingerezi, pakuti makampani amene adayamba njanji kuno anali a Angerezi. Kutsidya kwa malire, kuvuma ndi kuzambwe komwe, ntchito ya njanji imayendetsedwa m'Chipwitikizi. Anthu okhala m'mbali mwa njanjiyo amalankhula Chicheŵa, Chiyao ndi Chilomwe. Motero kansalu kamodzi komweko kamene wantchito wa njanji amakupiza kali ndi mayina atatu m'njira imodzi: "flag", "bandeira" ndi "mbendera". Pamalo otere tanthauzo la liwu si nkhani ya m'kalasi chabe, pakuti sitima ya malasha yokoka mabogi oposa 100 siima pomwepo ngati njinga, ndipo chenjezo limene silidamveke bwino likhoza kutayitsa moyo.

3.0 Mawu Anayi Olembedwa Mofanana

Tiyenera kusiyanitsa zinthu ziŵiri zimene kaŵirikaŵiri zimasokonezedwa. Choyamba ndi liwu limodzi limene tanthauzo lake lachita nthambi, monga "mutu", umene ungakhale chiŵalo cha thupi, gawo la buku, kapena mfundo yaikulu ya nkhani. Matanthauzo onseŵa ali pa ubale wooneka. Chachiŵiri ndi mawu osiyana chiyambi amene angofanana m'kalembedwe, monga "mtengo" womera m'tchire ndi "mtengo" wa katundu pamsika. M'liwu lakuti "flag" muli zonse ziŵiri. Mabuku akuluakulu otanthauzira mawu a Chingerezi amalilemba m'ndime zinayi zosiyana motere:

(1) Nsalu ya mitundu kapena zithunzi zodziŵika yomangirira ku mtengo kapena ku mlongoti. Liwuli lidayamba kuoneka m'zolembedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400.

(2) Mwala waphanthiphanthi woyala pansi m'nyumba kapena m'njira. Ili lidachokera ku liwu lakuti "flaga" la chilankhulo chakale cha ku Scandinavia, ndipo lero limamveka kwambiri m'mawu akuti "flagstone".

(3) Zomera za m'madambo za masamba aatali onga lupanga. Baibulo la Chingerezi la King James la mu 1611 limagwiritsa ntchito liwu limeneli pa Eksodo 2:3 ponena za malo amene mwana Mose adabisidwa m'mbali mwa mtsinje. Ife tikadati m'mabango. Alangizi a zaulimi nawonso amanena za "flag leaf", ndilo tsamba lotsiriza kutuluka pa mpunga kapena chimanga, limene limakhala kunsi kwa ngala kapena ngayaye.

(4) Mneni wotanthauza kufooka, kulefuka, kufota kapena kuzirala. Akatswiri ena amaona ubale pakati pa mneni ameneyu ndi tanthauzo loyamba lija, poti nsalu imalendeŵera mphepo ikaleka.

Mwa mawu anayi ameneŵa, "mbendera" imagwirizana ndi loyamba lokha. Mlimi wa mpunga wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa akauzidwa kuti ayang'ane "tsamba la mbendera" adzafunsa kuti mbenderayo ili kuti. Akauzidwa kuti ayang'ane tsamba lotsiriza la kunsi kwa ngala, adzalipeza nthaŵi yomweyo. Chimodzimodzinso chiganizo chakuti "Their strength flagged" n'chakuti "Adalefuka" kapena "Mphamvu zidaŵathera", ndipo mulibe nsalu ina iliyonse m'menemo.

4.0 Nthambi za Tanthauzo Loyamba

4.1 Monga dzina

Ngakhale m'tanthauzo loyamba momwemo muli nthambi zingapo, ndipo nkothandiza kuzigaŵa potsata ntchito imene nsaluyo imagwira. Ntchito yoyamba ndi kuimira gulu la anthu: dziko, chipani, mpingo, kapena timu ya mpira. Ntchito yachiŵiri ndi kupereka uthenga kwa munthu amene ali patali posamveka mawu. M'malamulo a njanji ochokera ku Britain, yofiira imalamula sitima kuima, ndipo yobiriŵira m'manja mwa gadi imauza woyendetsa kuti anyamuke. Usiku nyali ya mitundu yomweyo imaloŵa m'malo mwa nsalu. Pankhondo yoyera imapempha kuti kuwombana kuyambe kwaima kuti pakhale kukambirana, ndipo mapangano a ku The Hague a mu 1899 ndi 1907 adavomereza mwambo umenewu. Ntchito yachitatu ndi kuloza malo, monga timbendera ta m'ngodya zinayi za bwalo la mpira.

Kuchokera m'ntchito yachitatuyi mudatuluka tanthauzo limene mulibenso nsalu. Wolemba mapulogalamu a kompyuta akanena "flag" amatanthauza kachizindikiro kamene kamasunga yankho lakuti inde kapena ayi. Wa ku banki akanena liwu lomweli amatanthauza chizindikiro choikidwa pa akaunti yokayikitsa kuti iyambe yafufuzidwa.

4.2 Monga mneni

Chingerezi chili ndi ufulu wosandutsa dzina kukhala mneni popanda kusintha lembo ngakhale limodzi. Apa ndi pamene kusiyana kwa zilankhulo ziŵirizi kumaonekera poyera. Tiyeni tione zitsanzo izi:

(5) The linesman flagged for offside.
Wothandizira woimbira adakweza mbendera kusonyeza ofusayidi.

(6) She flagged down a minibus at Balaka.
Adaimitsa minibasi pa Balaka.

(7) The auditor flagged three payments.
Wofufuza za ndalama adaloza malipiro atatu kuti ngokayikitsa.

(8) The minister flagged off the maize trucks.
Nduna idatsegulira ulendo wa magalimoto a chimanga.

M'chiganizo (5) mokha ndi mmene "mbendera" yaonekera m'Chicheŵa, chifukwa m'menemo mokha ndi mmene muli nsalu yeniyeni m'manja mwa munthu. Mu (6) mayiyo wangotambasula dzanja. Mu (7) wofufuzayo wangolemba m'lipoti. Mu (8), mawu akuti "flag off", amene amakondedwa kwambiri m'nyuzi za Chingerezi za kuno, za ku East Africa ndi za ku India, angatanthauze kuti nduna idakupizadi kansalu, koma kaŵirikaŵiri cholinga cha wolemba ndi kungonena kuti ntchito idayambitsidwa pamwambo.

4.3 M'zining'a ndi m'mawu ophatikiza

Zining'a zambiri za "flag" zidabadwira panyanja zikuluzikulu. "Flagship" inali sitima yapamadzi imene inkanyamula mbendera ya mkulu wa gulu lonse la sitima zankhondo. Lero liwuli limanena chinthu chilichonse chotsogola chimene mwini wake amachinyadira. Nyuzi za Chingerezi zinkatchula pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo imene idayamba mu 2020 kuti "flagship programme" ya boma. "Flag of convenience" ndi mchitidwe wolembetsa sitima yapamadzi m'dziko lachilendo, monga Panama kapena Liberia, pofuna misonkho yochepa ndi malamulo opepuka. "Flag carrier" ndi kampani ya ndege yoimira dziko, monga inaliri Air Malawi kuyambira mu 1964 kufikira mu 2013. "False flag" ndi chiŵembu chimene wochichita amachikonza kuti chioneke ngati chachitidwa ndi mdani wake.

Chining'a chimene chafala koposa masiku ano ndi "red flag". Poyamba chinali chinthu chogwirika: lamulo la ku Britain la mu 1865 lidalamula kuti patsogolo pa galimoto loyendera nthunzi pazikhala munthu woyenda pansi atanyamula nsalu yofiira, ndipo galimotolo lisapitirire mamailosi 4 pa ola kumidzi ndi mamailosi 2 m'tauni. Lero madokotala, ofufuza za katangale, ngakhale achinyamata okamba za zibwenzi, onse amanena "red flag" potanthauza chizindikiro chilichonse chochenjeza kuti kutsogolo kuli zoopsa.

5.0 Liwu Lakuti "Mbendera"

5.1 Chiyambi chake

"Mbendera" ndi liwu lobwereka, ndipo gwero lake ndi "bandeira" wa Chipwitikizi. Panali njira ziŵiri zimene mawu a Chipwitikizi ankafikira kwa makolo athu. Yoyamba inali ya m'chigwa cha Zambezi, kumene Apwitikizi adakhazikika ku Sena ndi ku Tete kuyambira zaka za m'ma 1530 namachita malonda ndi Amaravi. Yachiŵiri inali ya amalonda achiyao ndi achiswahili amene ankayenda pakati pa nyanja ya Malaŵi ndi madoko a Kilwa ndi chilumba cha Mozambique m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Umboni wa katchulidwe ukupendekera ku njira yachiŵiri: phatikizo loyamba la Chipwitikizi lili ndi "a", pamene Chiswahili chimati "bendera", ndi "e" yemweyo amene tili naye ife. Liwu lomweli lidafalikira kutali, pakuti m'Chinyarwanda amati "ibendera" ndipo ku Indonesia ndi ku Malaysia amati "bendera".

Kummwera kwa Zambezi zinthu zidayenda mosiyana. Chizulu chimati "ifulegi" ndipo Chitswana chimati "folaga", mawu ochokera ku "flag" wa Chingerezi kapena "vlag" wa Chibunu, pamene Chishona chili ndi liwu lakelake lakuti "mureza". Amalaŵi ambirimbiri amene adakagwira ntchito m'migodi ya ku Johannesburg adabwerako ndi mawu monga "fosholo", koma sadabwereko ndi liwu latsopano la nsalu imeneyi. Chifukwa chake nchoonekeratu: malowo anali atatengedwa kale ndi "mbendera".

5.2 Kukhazikika kwake m'Chicheŵa

Zizindikiro zitatu zikusonyeza kuti liwuli lidaloŵa kale kwambiri. Choyamba ndi "m" wa kumayambiriro, amene mulibe m'Chipwitikizi ngakhale m'Chiswahili. Tikuona zomwezo m'mawu ena akale ochokera ku Chipwitikizi:

(9) batata > mbatata
sapato > nsapato
bandeira > mbendera

Poonjezera "m" kapena "n", makolo adaika mawu ameneŵa m'gulu la mayina la I-Zi, limodzi ndi mbuzi, mbale ndi nsomba. Nchifukwa chake timati "mbendera yathu yakwera" ndiponso "mbendera zathu zakwera", dzina osasintha pochulukitsa. Palinso chifukwa cha katchulidwe. "B" wa m'mawu athu enieni, monga "bambo" ndi "bango", amatchulidwa mokokera mpweya m'kati, pamene "b" wa Chipwitikizi amatchulidwa motulutsa mpweya. M'Chicheŵa "b" wotulutsa mpweyayu amapezeka mwachibadwa pambuyo pa "m". Choncho kuonjezera "m" kudasunga kamvekedwe ka liwu lachilendolo m'njira yovomerezeka ndi lilime la Mcheŵa. Mawu amene adadza pambuyo pake kuchokera ku Chingerezi sadatsate njira imeneyi: timati buku ndi mabuku, basi ndi mabasi, botolo ndi mabotolo.

Chachiŵiri ndi kalembedwe. Lamulo la kalembedwe ka Chicheŵa lakuti "r" alembedwe pambuyo pa "e" ndi "i", ndipo "l" alembedwe pena ponse, likukwana bwino pa "mbendera", monganso likukwanira pa "kalata" wochokera ku "carta". Chachitatu nchakuti liwuli lidasanduka dzina la banja. Chitsanzo chodziŵika ndi woŵeruza milandu Maxon Mbendera, amene anali wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho pa chisankho cha mu 2014. Liwu limene lafika potchulidwa ana ndi zidzukulu sililinso mlendo.

5.3 Malire a tanthauzo lake

Pa ntchito yoimira gulu la anthu, "mbendera" ndi "flag" zimayendera limodzi. Mbendera ya dziko lino, ya mizere yakuda, yofiira ndi yobiriŵira ndi dzuŵa lotuluka, idakwezedwa koyamba pa 6 Julaye 1964, ndipo lamulo loiteteza lidakhazikitsidwa mu 1967. Mu Julaye 2010 boma la Bingu wa Mutharika lidasintha dongosolo la mizereyo ndi kuikapo dzuŵa loyera lathunthu; mu Meyi 2012, Joyce Banda ali mtsogoleri, Nyumba ya Malamulo idabwezeretsa yakale ija. M'mikangano yonse ya zaka ziŵiri zimenezo anthu ankatsutsana za mitundu ndi za dzuŵa, koma liwu lakuti "mbendera" linkamveka mofanana kwa onse. Mu Juni 2024, pa masiku 21 olira maliro a Saulos Chilima ndi anzake amene adafa pa ngozi ya ndege ku Chikangawa, mbendera zidatsitsidwa kufika pakati pa mlongoti, ndipo anthu adamva tanthauzo lake popanda wofotokoza. Chiyambire ndale za zipani zambiri mu 1993, mbendera za zipani zimapachikidwa m'mitengo ya m'misika ndi m'mbali mwa misewu, ndipo mtundu wake wokha umanena chipani: yachikasu ndi ya UDF, yabuluu ndi ya DPP, yofiira ndi ya UTM.

M'gawo lomweli Chicheŵa chalandira zining'a ziŵiri: "kunyamula mbendera ya dziko", kunena za wamaseŵero kapena woimba amene wapita kukaimira Malaŵi kunja, ndi "kukweza mbendera ya dziko", kunena za amene wakachita bwino kumeneko. Zining'azi zidadzera m'Chingerezi, koma zidamera msanga chifukwa chithunzi chake nchodziŵika kwa aliyense amene adaimapo pamzere wa m'maŵa kusukulu. Chiswahili chidapitirira pamenepa ndi kupanga mwambi wake wakuti "bendera hufuata upepo", ndiye kuti mbendera imatsata mphepo, wonena za munthu wopanda maganizo akeake.

Pa ntchito yopereka uthenga, "mbendera" imafika pokhapokha pamene pali nsalu yooneka ndi maso: m'manja mwa wantchito wa njanji, wa okonza msewu, kapena wa wothandizira woimbira mpira. Nsalu ikangochoka, liwulinso limachoka.

Ndipo "mbendera" singasanduke mneni. Mawu onga *kumbendera kapena *kumbenderetsa palibe amene angaŵalandire. Chicheŵa chili ndi aneni oŵerengeka ochokera ku masinde ofotokoza, monga "kutalika", "kufupika" ndi "kukalipa", koma njira imeneyi idaleka kubala mawu atsopano. Njira imene ili yamoyo ndi yochokera ku mneni kupita ku dzina: kuzindikira kumabala chizindikiro, kuchenjeza kumabala chenjezo, kuletsa kumabala chiletso. Aneni obwereka alipo ndithu, monga "kusayina", "kutchaja" ndi "kufulasha", koma ameneŵa adaloŵa chifukwa adadza ndi zochita zatsopano zimene zinalibe mawu. Zochita za mu (6), (7) ndi (8) zili nawo kale aneni ake: kuimitsa, kuloza, kuchenjeza, kutsegulira, kuyambitsa.

6.0 Zizindikiro Zathu Zimene Sizitchedwa Mbendera

Kuchepa kwa matanthauzo a "mbendera" sikusonyeza umphaŵi wa chilankhulo. Ntchito yochenjeza munthu ali patali Amalaŵi amaigwira m'njira zawo. Woyenda pa msewu wa Balaka kupita ku Liwonde akaona nthambi za masamba aaŵisi zitayalidwa pamsewu amadziŵa kuti kutsogolo kuli maliro kapena galimoto lowonongeka, ndipo woyendetsa galimoto amachepetsa liŵiro, wapanjinga amatsika. Nthambi zimenezi zikugwira ntchito yeniyeni ya "red flag" wa mu 1865, koma palibe amene amazitcha mbendera. Anthu amangoti "aika masamba". Chimodzimodzinso kansanza kofiira komangirira kunsonga kwa matabwa otulukira kumbuyo kwa lole ambiri amangokatcha kansalu kofiira.

Tikuphunzirapo kuti Chingerezi chidasonkhanitsa zinthu zonsezi pansi pa liwu limodzi poyang'ana ntchito yake, pamene Chicheŵa chimatchula chinthu chilichonse poyang'ana chimene chili. Liwu lathu limene limasonkhanitsa zonsezi ndi "chizindikiro".

7.0 Kumene Kuli Ngozi

Taganizirani womasulira amene wapatsidwa mapepala aŵiri tsiku limodzi. Loyamba ndi la malangizo a anthu owoloka njanji pafupi ndi Nkaya, ndipo likuti munthu aime akaona "red flag". Lachiŵiri ndi la kusikelo ya amayi oyembekezera, ndipo likutchula kutaya magazi, kupweteka kwambiri kwa mutu, kutupa kwa nkhope ndi kukomoka kuti ndi "red flags". Mawu a Chingerezi ndi amodzimodzi. Pa pepala loyamba yankho lolondola ndi "mbendera yofiira", pakuti wowolokayo adzaonadi nsalu. Pa lachiŵiri yankho lolondola ndi "zizindikiro zoopsa". Womasulira akalemba "mbendera zofiira" pa pepala la kusikelo, mayi woŵerenga sadzapeza kugwirizana kulikonse pakati pa mbendera ndi mutu umene ukumupweteka, ndipo mwina adzayesa kuti pepalalo ndi la chipani. Akalemba "chizindikiro choopsa" pa pepala la njanji, wowoloka sadzadziŵa chimene maso ake ayenera kufunafuna.

Vuto lachiŵiri lili m'mayina a mitundu. Tsinde lakuti "-fiira" limafika pa magazi, pa dothi la katondo, ngakhale pa khungu la munthu woyererako. Tsinde lakuti "-biriŵira" limafika pa msipu, komanso timati "munthu wobiriŵira" ponena za wakhungu loderako. M'kucheza zimenezi sizisokoneza, chifukwa nkhani yomwe imalongosola. Koma m'malangizo a chitetezo, mmene moyo wa munthu wadalira kusiyanitsa nsalu ziŵiri, nkwanzeru kulemba kuti "yofiira ngati magazi" ndi "yobiriŵira ngati msipu" pamene mitunduyo yatchulidwa koyamba, ndi kuikapo chithunzi cha mtundu womwewo.

8.0 Maganizo Athu kwa Okonza Chilankhulo

Chiyambire mu 1968, pamene Chicheŵa chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko, ntchito yokonza mawu yakhala m'manja mwa Bungwe la Chicheŵa, limene lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo kuchokera mu 1996 m'manja mwa Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malaŵi ku Zomba, imene idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Kwa onse opitiriza ntchito imeneyi tikupereka mfundo zisanu.

(a) Mtanthauziramawu wa Chingerezi ndi Chicheŵa alembe "flag" m'ndime zinayi zosiyana monga tasonyezera mu 3.0, ndipo ndime ya mneni ikhale ndi ziganizo zathunthu, pakuti mndandanda wa mawu opanda ziganizo ndiwo umabala kumasulira kolakwika.

(b) Womasulira adzifunse funso limodzi asanalembe "mbendera": kodi pali nsalu yooneka, kapena nkhaniyo ikukhudza ulemu wa dziko kapena wa gulu? Ngati yankho ndi ayi pa zonse ziŵiri, afune mneni kapena dzina lina.

(c) Pa "red flag" wa chining'a pakhazikitsidwe "chizindikiro choopsa" m'nkhani za umoyo ndi "chizindikiro chokayikitsa" m'nkhani za ndalama. Pa "flagship" pakwanira "ntchito yotsogola" kapena "ntchito yaikulu koposa zonse". Pa tanthauzo la pa kompyuta pakwanira "chizindikiro", ndi mneni wake "kuika chizindikiro".

(d) Pasapangidwe mneni watsopano kuchokera ku "flag" kapena ku "mbendera". Chilankhulo sichikumusoŵa, ndipo liwu lopangira mu ofesi limene anthu salisoŵa limafera m'buku momwemo.

(e) Pakonzedwe kabuku ka mawu a ntchito ya njanji m'Chicheŵa, Chiyao, Chingerezi ndi Chipwitikizi, ndipo mawu ake atoledwe pakamwa pa antchito a njanji ndi anthu okhala m'mbali mwake, kuyambira pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi. Antchito amene adakalambira pa njanji ali ndi mawu amene akhala akuŵagwiritsa ntchito zaka zambiri, ndipo nkofunika kuti alembedwe eni ake akadali moyo.

9.0 Mawu Omaliza

Taona kuti "flag" ndi mawu anayi olembedwa mofanana, ndi kuti loyamba mwa iwo lachita nthambi zambiri chifukwa cha ufulu umene Chingerezi chili nawo wosandutsa dzina kukhala mneni. Taonanso kuti "mbendera", ngakhale idachokera ku Chipwitikizi, idakhazikika m'gulu la I-Zi ndi m'katchulidwe kathu kalekale, ndipo tanthauzo lake lidamangika pa nsalu yooneka ndi pa ulemu wa dziko. Pamene mawu aŵiriŵa agwirizana, womasulira asaope kulemba "mbendera"; pamene asiyana, Chicheŵa chili ndi aneni ndi mayina okwanira. Tikukhulupirira kuti kafukufuku wa mtundu womwewu akhoza kuchitidwa pa mawu ena aafupi a ntchito ya njanji, monga "signal", "line", "point" ndi "crossing", amene nawonso ali ndi matanthauzo ambiri m'Chingerezi ndipo amaŵerengedwa tsiku ndi tsiku pa zikwangwani za m'mbali mwa njanji.